Maola Atatu ndi Mphindi Khumi

Okondedwa achemwali,

Landirani moni m'dzina la Ambuye amene watisunga mpaka lero. Kaya muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Bondo lija linasiya kutupa kapena mukulimbana nalobe? Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, ntchito ndikugwira. Za mtima musafunse, muziona nokha m'kalatamu.

Mwandiimbira kasanu sabata ino ndipo sindinayankhe. Foni sinawonongeke ayi, ndimaiona ikulira, ine n'kumangoiyang'ana. Ndikudziwa zimene mukufuna kumva: ngati achimwene anafika bwino, ndiponso ngati ndasayina pepala lija la kuchipatala. Munandiuza kale kuti pakapanda wachibale wokhala kuno wosayina kuti adzawasamalira, madokotala sawachita opaleshoni ya pamsana ija, malo awo apatsa wina, iwo abwerera kumeneko miyendo ili chifere. Ndinamva bwinobwino. Ndikuyankhani zonse, koma pafoni sindingathe, chifukwa chipinda changa n'chimodzi ndipo eni nkhaniwo agona pabedi langa makutu ali tcheru. Ndikulembera m'kantini ya kuntchito, podikira nthawi yanga yolowa masana ano, lero Lachinayi.

Kalatayi ndiipereka kwa mnzanga wogwira ntchito m'ndege amene anyamuke mawa m'mawa, ndipo ndatumiza uthenga kwa alamu kuti akakumane naye pabwalo la ndege la kumeneko. Ndiye kuti mudzaiwerenga mawa lomwelo, dzuwa lisanapendeke. Mfundo imeneyi muigwiritse, achemwali, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pamenepo.

Inu mukamva za dziko lino mumaona basi ija inanditenga zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Masiku anayi pamsewu, malire awiri, kugona chokhala, mapazi kutupa mpaka nsapato kukana. Ndinakusimbirani ndekha za ulendo umenewo, ndiye sindikudabwa kuti m'mutu mwanu kuno ndi kumathero a dziko. Koma kuchokera pabwalo la ndege la kumeneko kufika pano pamene ndimagwira ntchito ndi makilomita 2,180 basi, molunjika m'mwambamu. Ndege imatenga maola atatu ndi mphindi khumi. Ikakumana ndi mphepo yakutsogolo imawonjezera mphindi khumi ndi zisanu, kwatha. Sindinachite kumva kwa anthu. Zimalembedwa pa kakanema kamene kali kumsana kwa mpando uliwonse, pamene pamaoneka kandege kakukwawa pamzere ngati nyerere. Maola atatu ndi mphindi khumi! Inu pamzere wa kuchipatala, podikira mankhwala a bondolo, mumakhala nthawi yoposa pamenepo.

Ntchito yanga mumangoidziwa kuti ndi ya kubwalo la ndege, ndipo ndinamva kuti ana anu amanamiza anzawo kusukulu kuti amayi aang'ono amayendetsa ndege. Muwauze kuti ndimayendetsadi, koma njinga za anthu osatha kuyenda. Tikamalowa ntchito akapitawo amatipatsa pepala la mayina. Ndege ikatera timadikira pakhomo, anthu onse akatuluka ife timalowa, kumunyamula munthu, kumukhazika panjinga, kumumanga lamba, pasipoti yake n'kulowa m'thumba la yunifolomu yanga. Kenako ndimamukankha kudutsa kwa odinda mapasipoti, kukatenga katundu, mpaka panja kwa omuchingamira. Ndi ntchito ya mphindi makumi awiri. Ndipo pali lamulo lakuti wantchito wa pano kwawo kukagwa zovuta, amamupatsa mpando wotsala m'ndege tsiku lomwelo. Lamulo limeneli ndinawauza achimwene ndi pakamwa pangapa.

Tsopano tiwerengere limodzi. Amayi anagonekedwa Lachisanu. Anatisiya Lachitatu. Munawaika Lachinayi. Ine ndinadziwa Loweruka, ndipo osati kwa inu kapena kwa achimwene, koma pa chithunzi cha nkhata za maluwa chimene msuweni wathu anaika pafoni. Ndinali ndi agogo a eni ake panjinga, tili m'chikepe, ndipo anachita kundigwira dzanja ndi iwowo kuti ndisagwe.

Nditakuimbirani munalira, n'kundiuza kuti achimwene analetsa aliyense kundisokoneza, akuti ndi kutali, ndikanafika zonse zitatha kalekale, ntchito n'kundithera pachabe. Inu munakhulupirira chifukwa ndege mumangoiona m'mwamba. Koma achimwene, Atcheya athuwa, amene ngakhale pa nkhani yogula tsache amafuna aitanitse kaye msonkhano, njira imeneyi anali ataidutsapo. Mwaiwala kuti kuntchito kwawo anawatumiza kuno ku maphunziro a sabata imodzi? Ndinawachingamira ndine, chikwama chawo chachikopa chija ndinanyamula ndine. Anatuluka akuseka, amvekere, mwana iwe, kodi ndi pafupi chonchi, tiyi amene anatipatsa uja sanatsike n'komwe pammero! Ankadziwa, achemwali. Ankadziwa ngati dzina lawo.

Masiku asanu amenewo ndege zisanu zinanyamuka pano kupita kumeneko amayi akupumabe. Zonse zisanu ndinazikankhira amayi a anthu ena mpaka pakhomo, ndikumwetulira, ndikuwafunira ulendo wabwino. Ndinakafufuza m'mapepala pambuyo pake, ngati munthu wotokosa bala: m'ndege iliyonse munali mipando yopanda anthu. Ya Lolemba inali ndi mipando makumi atatu ndi umodzi.

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Kumanda sindinafikeko, chifukwa ndimaopa zimene manja anga angachite ndikawapeza achimwene akuyendayenda pakhonde pawo. Mgonero wa Ambuye sindinadyenso chiyambire. Kutchalitchi ndimapita, kwaya ndimayimba, koma pemphero lija tinaphunzira tili ana, ndikafika pa mawu a kukhululuka ndimatseka pakamwa kudikira anzanga adutsepo, n'kudzawapeza kutsogolo.

Ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu. Mwezi watha mutandiimbira kuti miyendo ya achimwene yafa chifukwa cha chotupa cha pamsana, ndinakuyankhani kuti pepani, ndamva. Nditadula foni ndinalowa m'chimbudzi cha antchito, ndinakhoma chitseko, ndinagwada pasimenti yonyowa ndi kuthokoza Mulungu. Inde, ndinathokoza. Ndinati Ambuye mwaona, simunagone. Ndikudziwa kuti ndi tchimo, koma ndinganame ndikati ndinamva chisoni.

Lolemba m'mawa dzina lawo linatuluka papepala. Mukudziwa kuti anabwera okha, poti pasipoti ya akazi awo sinatuluke. Akapitawo anapereka dzinalo kwa mnzanga amene timamutchula kuti Wamtali. Ndinamupempha kuti tisinthane, anditengere agogo ena opepuka ngati nkhuku, ine nditenge bamboyo. Wamtali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amvekere, iwe, tsiku lililonse umathawa amuna kuti msana ukuwawa, lero walota chiyani, kapena ndi chibwenzi chakale? Ndinati ndi wakwathu. Anati ndiye ukamupatse moni wanga, ukamuuze kuti Wamtali alibe mwamuna ndipo miyendo si nkhani, kukankha ndimatha. Ndinaseka naye.

Ndinawapeza atakhala pampando wa pazenera, ndege yonse ili mbee. Achemwali, munthu uja watha. Jekete ikuchita kulendewera ngati ili pa msomali, khosi latsala chingwe, koma tayi ali nayo, chikwama chachikopa chili pamiyendo. Atandiona nkhope inawala, anatambasula dzanja, amvekere, mzime wa amayi, ndiwe kodi? Ine ndinawayankha m'Chingerezi cha pantchito, chimene timalankhula kwa mlendo aliyense. Ndinawafunsa ngati ayenda bwino, ndinawapempha pasipoti. Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi, kenako linabwerera lokha. Mnzanga wa m'ndege anandithandiza kuwakhazika panjinga, ndinawamanga lamba, tinanyamuka.

Musanafike kwa odinda mapasipoti pali kanjira kokhotera kumanzere. Kumeneko kuli sitolo imene anaitseka ndi matabwa kuti aikonze, ndipo kuseri kwa matabwawo kuli zenera lalikulu loyang'ana kumsewu wa ndege. N'kumene timatayako njinga zothyoka. Apaulendo safikako. Ndinawakhotetsera kumeneko, ndinawayang'anitsa kugalasi, ndinaponda mabuleki onse awiri, amene ali kumbuyo kosafika dzanja la wokhalapo. Anandifunsa kuti tayimiranji. Pamenepo ndipo ndinalankhula chinenero chathu. Ndinati dikirani pang'ono achimwene, kumene tikupita ndi kutali. Ndinayang'ana wotchi. Inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane leveni koloko. Ndinachoka, pasipoti yawo ili m'thumba mwanga.

Pa kawailesi ka pantchito ndinanena kuti munthu wanga ndamufikitsa. Limenelo ndi bodza loyamba. Ndinakankha anthu ena atatu. Panja panali dalaivala wa galimoto ya kuchipatala atakweza pepala lolembedwa dzina la achimwene, loti akawafikitse kwa dokotala masana omwewo. Ndinamudutsa katatu, kachiwiri anandifunsa ngati m'kati mwatsala wodwala, ndinapukusa mutu. Cha m'ma wani koloko anapinda pepala lake n'kumapita. Ine ndinalowa m'kantini muno, patebulo lomwe lino, ndinadya. Ndikanakonda kukuuzani kuti chakudya chinandikanika, koma chinakoma, ndipo ndinamaliza mbale yonse.

Ndikupukuta pakamwa, kunabwera mayi wina wokolopa amene timadziwana. Anati kuseri kwa matabwa kuli bambo wa tayi, wakhala ngati chiboliboli chiyambire m'mawa. Akuti anawafunsa kawiri ngati akaitane akuluakulu, iwo anakana, amvekere, musavutike mayi, mlongo wanga akubwera, amagwira ntchito pompano, ndi munthu wodziwika. Anawapatsa madzi, anakananso. Mayiyo anandifunsa ngati ndikumudziwa mlongo wopanda mtima ameneyo, kuti akamukolope pakamwa. Ndinati ndimufufuza. Panali patatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu kuti maola atatu ndi mphindi khumi akwane. Sindinapite, achemwali. Ndinakaima pamasitepe, maso pawotchi, mpaka thu koloko inakwana ndendende.

Ndinawapeza momwe ndinawasiyira. Pansi pa njinga panali ponyowa, ndipo chikwama chija anali atachikanikiza pamiyendo ndi manja onse awiri kuti abise buluku. Mawu amene ndinakhala ndikuwakonza chaka chonse ndinawanena. Ndinawafunsa ngati aona kutalika kwake. Ndinati nthawi imene mwakhala apayi ndi imene inali pakati pa ine ndi amayi, simunawonjezere mphindi, sindinachotsere mphindi.

Sanatembenuke. Anati anazindikira ola loyamba lisanathe, ndipo awerenga ndege khumi ndi zinayi zikutera. Kenako, akuyang'anabe kugalasi, anayamba kulankhula zimene sindinawafunse. Anati zaka zisanu ndi chimodzi, chichokereni maso a amayi ndi matenda a shuga, amene ankawanyamula kupita nawo kubafa ndi iwo, wowabaya jekeseni m'mawa uliwonse ndi iwo, wowawengera zikhadabo ndi iwo. Koma kuchipatala kuja, amayi akagwira dzanja lawo ankatchula dzina langa. Chitseko chikangoti kwee, ankadzutsa mutu kufunsa ngati mzime wafika. Namwino akalowa, mzime. Inu mukalowa, mzime. Akuti Loweruka, amayi akadali m'chipatala, anatulutsa foni, nambala yanga anaipeza, chala chili pamwamba, kenako mumtima anati ayi, kamodzi kokha amayi azindikire amene ali pafupi. Ankayesa kuti amayi achira. Pofika Lachiwiri manyazi anali atawagwira, sakanathanso kuimba. Ndipo maliro anawafulumizitsa dala, chifukwa sakanapirira kundiona ndikutsika galimoto anthu onse n'kuthamangira kudzagwira ine.

Anathera pomwepo. Ndinadikira mawu amodzi okha, akuti pepa. Sanatuluke. M'malo mwake anandiuza kuti ndipeze bulangete, anthu asawaone chonchi.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo mtima unasungunuka. Ayi ndithu. Unachita kuyaka ngati wathiridwa mafuta. Chaka chonse ndinkadzitonthoza ndi mawu anu, akuti amayi anapita mwakachetechete ali m'tulo, osadziwa amene alipo ndi amene palibe. Kani ankandiitana! Masiku asanu akudzutsa mutu pachitseko chilichonse, ine ndili pano ndikumanga malamba anthu achilendo. Inu munalipo, munkamva, ndipo simunandiuze ngakhale pambuyo pake. Ndikudziwa kuti munkanditeteza, ndipo za mtunda munanamizidwa, koma nanunso ndili nanu kanthu mumtima. Ndi bwino ndinene kusiyana n'kumakusekererani pafoni.

Ndinawafunditsa bulangete la m'ndege, ndinawadutsitsa kwa odinda mapasipoti, ndinapempha kuweruka msanga, tinakwera takisi. Ndimakhala pansanjika yachitatu ndipo nyumba yathu ilibe chikepe. Anawabereka kumsana ndi bambo wowotcherera zitsulo wa chipinda choyandikana nane, Mulungu amudalitse, ndipo ndi yemweyo amene akumawathandiza zakubafa m'mawa asanapite kuntchito ndi madzulo akaweruka. Iwo akugona pabedi, ine pansi pafupi ndi chitseko, pakati ndamangapo chinsalu. Musaganize kuti matenda awachotsa utcheya. Dzulo amandilangiza kapindidwe ka bulangete, akuti ngodya sizikukumana. Ndinawauza kuti akadzaimirira adzapinde okha, pakadali pano msonkhano watsekedwa.

Lachiwiri akapitawo anandiitana, poti a kuchipatala anadandaula kuti wodwala wawo anasowa. Ndinalowa mu ofesi nditakonzeka kuulula, ngakhale ntchito ithe. Koma anali atawaimbira kale achimwene pafoni yanga ya kunyumba, ndipo iwo anati anachita kupempha okha kuti ndiwasiye pazenera chifukwa amakonda kuonera ndege, kenako tulo tinawaba. Akapitawo anangondichenjeza kuti ndisamamvere zilizonse zimene okalamba anena. Ndinatuluka ndikutukwana mumtima. Ndani anawapempha kuti andiikire kumbuyo? Munthu wokanika kunena pepa, bodza lokha ndiye lili pafupi, ndipo tsopano akufuna ndiziwaona ngati wondichitira chifundo.

A kuchipatala anati popeza tsiku loyamba linaphonyeka, pepala lija lifike lero Lachinayi isanakwane thwelofu koloko, apo ayi malo apita kwa wina, ndipo mzere wake ndi wa miyezi isanu ndi itatu. Dokotala ananena poyera kuti chotupacho sichingadikire miyezi imeneyo. Pepalalo lakhala pamwamba pa firiji masiku atatu. Achimwene salitchula, koma maso awo sachokapo. Ndikatsegula firiji kutenga madzi amasiya kupuma.

Dzulo ndinapita kwa abusa, ndinawauza zonse, za m'chimbudzi zija ndi za pazenera zomwe. Anavula magalasi, kenako anandifunsa ngati mtima unapepuka itakwana thu koloko ija. Ndinati unapepuka pang'ono, ngati mmene dzino lowawa limachitira ukaliluma. Anati mwana wanga, pali zinthu ziwiri, kusayina ndi kukhululuka, ndipo Mulungu akufuna zonse. Ndinawayankha kuti ngati pali chimene ndingathe ndi chimodzi, ndipo sindikudziwa ngati ndichite n'komwe. Anandipempherera, koma ndinatuluka momwe ndinalowera.

Ndisakubisireni, mapulani ndinali nawo kale. Ndinati ndilisiya pepalalo pafiriji mpaka nthawi idutse, mawa ndiwakhazike panjinga, ndiwakankhe ndekha mpaka pakhomo la ndege, ndiwamange lamba, ndiwafunire ulendo wabwino m'Chingerezi. Ndinkachita kuona m'maso mmene zidzakhalire, ndipo zinkanditsekemera.

Lero m'mawa ndinalitenga pepalalo, ndinaliika m'chikwama, ndinakwera basi. Sindinkadziwa ngati ndikupita kuchipatala kapena ndikukalitaya mumtsinje. Ndili m'basimo ndinayamba kuganiza za mawa lake. Ndikawabweza, afika kumeneko ali wodwala womvetsa chisoni amene mlongo wake wamukana kuchilendo. Anthu adzadzaza nyumba kudzawazonda, azakhali adzalira, mpingo udzawaimbira nyimbo. Akadzamwalira adzawayamikira kuti anasamala mayi awo mpaka mapeto, ndipo nkhani ya foni ija adzapita nayo m'bokosi. Woipa adzatsala ndine. Ndinaona kuti imeneyo ndi njira yachidule kwambiri kwa iwo, ndipo ine sindikufuna kuwapatsa. Komanso, ndinene zoona, ndinachita mantha. Kumusiya munthu maola atatu ndinatha, ndipo ndidzayankha. Kumusiya kuti afe, ndinayesa kuganiza mmene ndingakazinenere pamaso pa Mulungu, mawu sanapezeke.

Ndasayina, achemwali. Inali itadutsa leveni koloko. Kalaliki anandifunsa kuti wodwalayo ndi ndani wanga, cholembera chinaima kanthawi, kenako ndinalemba kuti mlongo. Opaleshoni ichitika Lachiwiri likudzali. Akatuluka adzakhala kwanga milungu isanu ndi umodzi, ndidzawaphikira, ndidzawachapira, ndidzawatembenuza kuti asatuluke zilonda. Koma musathamangire kukauza anthu kuti mzime wakhululuka. Sindinakhululuke, ndipo musandiikire mawu m'kamwa.

Ndinabwerera kunyumba kukawauza ndisanabwere kuno. Anayamba kugwetsa misozi, akufuna kundigwira dzanja, ndinati dikirani, sindinamalize. Ndinawauza kuti kuno safera ayi, ndakana. Achira, aimirira, ndipo tsiku limene adzabwerere tidzakwera ndege imodzi. Tikatsika sitidzafikira kunyumba kwa aliyense. Adzanditsogolera okha kumanda, inu mulipo, azakhali alipo, akazi awo ndi ana awo alipo, abusa a kumeneko alipo, ndipo ataima pamutu pa amayi adzanena mokweza zonse zimene ananena pazenera paja, osasiyako liwu, kuyambira pa foni ya Loweruka. Adzawauza amayi chifukwa chimene mwana wawo sanalowere pachitseko chija. Misonkhano amaikonda, umenewo ndiye adzautsogolere.

Achimwene anafunsa ndi mawu aang'ono kuti nanga opaleshoni ikakanika, miyendo osadzukanso? Ndinati musade nkhawa achimwene, ndidzakukankhani ndekha mpaka pamtumbira, mchenga kaya matope, manja ndili nawo ndipo ntchito yake ndi yomweyi. Anangogwedeza mutu kamodzi, ndipo ine ndatenga kumeneko ngati kuvomera.

Pempho langa kwa inu ndi limodzi. Mugule kope, mukhale pansi, mundilembere zonse zimene amayi ananena masiku asanu aja, tsiku ndi tsiku, kuyambira Lachisanu. Ankandiitana ndi dzina liti, la ubatizo kapena lija ankanditchula ndikawakwiyitsa? Munkawayankha chiyani akafunsa? Kodi anakwiya nane, kodi anaganiza kuti ndauzidwa koma ndakana kubwera? Limeneli ndiye funso limene likundidya kuposa onse. Ngati anatero, mulembe momwemo. Musandisankhire zokoma, musandinyengerere ngati mwana, ndatopa n'kutetezedwa. Mnzanga yemweyu adzadutsanso kumeneko Lamlungu, alamu adzamupatse.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ndathokoza chifukwa cha ulendo wa kubwalo la ndege umene ndawavutitsa. Moni kwa ana onse, wamkuluyo alimbikire mayeso. Kwa akazi a achimwene munene kuti amuna awo akudya bwino ndipo tsiku la opaleshoni ladziwika. Za pazenera mukafuna muwauze, sindikubisa, ndinachita ndine. Azakhali muwapatse moni, koma za kumanda zija musawauze kaye, angayambe kundinyengerera nthawi isanakwane. Msuweni wathu mumuuze kuti sindinamusungire mangawa chifukwa cha chithunzi chija. Pa abale onse, ndi iye yekha amene anandiuza zoona, ngakhale sankadziwa kuti akundiuza.

Lachiwiri mugwade, mupempherere manja a madokotala. Inenso ndidzagwada panja pa chitseko chawo, ndipo ndidzapemphera ndi mtima wonse kuti achimwene adzuke. Mulungu akudziwa chifukwa chimene ndikuwafunira moyo, ndipo ndikuopa kuti sichimukondweretsa. Pamenepo ndiye mundipempherere ineyo.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
mzime wa amayi.